Twaibu Sanathawe ndi Mkazi

Kwathu kuno mnyamata akasintha, anthu amadziwa matenda atatu okha: chamba, ufiti ndi ulesi. Ine anandipatsa onse atatu, aliyense kusankha lomukomera. Palibe amene anaganiza kuti mwina ndinaona chinthu kutsidya kuja. Ankangofuna kuti ndiyankhule, pomwe pakamwapo m'pamene panali patafa.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, fizi itasowa. Chaka chotsatira n'chimene tinavotera zipani zambiri, anthu n'kuvina mpaka zidendene kung'ambika. Anati zinthu zasintha. Zinasinthadi, munthu unkatha kutukwana boma pamsika osacheuka. Koma kutukwana sikulowa m'mimba. Ndinapita ku Dwangwa kukafuna ntchito yodula nzimbe, anangondiyang'ana mikono n'kunena kuti ndikabwere nyengo ina. Ndinabwerera ku Malengachanzi kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga wa amayi, ine munthu wotha kulemba kalata ya Chingerezi.

Twaibu anali mnansi wathu, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, mmisiri wocheka matabwa. Anali ndi mkazi, Asiyatu, ndi mwana mmodzi wa kumsana. Mnzake amene ankacheka naye anali atasamukira ku Salima, ndipo sowo yaikulu ija siyendetsedwa ndi munthu mmodzi.

"Nkhondo inatha ku Mozambiki," anandiuza tsiku lina atandipeza kumunda. "Milombwa yakhala zaka zonsezi popanda woikhudza. Kapitawo wina wa ku Dwangwa akufuna anthu. Tiye, usiye kukangana ndi mpheta."

"Ine za matabwa sindizidziwa, achimwene."

"Kukoka ukudziwa? Basi. Nzeru zikhala pamwamba, iwe ukhala pansi."

Asiyatu anatiperekeza mpaka padoko, atatimangira chinangwa chophika ndi usipa. Pamene tinkakwera boti lodzaza mchere, shuga ndi mabeseni, anandikoka malaya.

"Alamu, mukandisungire bamboyu. Akagwira ntchito amaiwala kudya."

Ndinaseka. Mapiri aja tinakula tikuwaona patali ngati utsi, tsiku limenelo anayamba kumera mitengo ife tikuyandikira.

Msasa wathu unali wa udzu, m'mbali mwa kamtsinje, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kunyanja. Chakudya chinali ufa wa chinangwa ndi nyemba zofumbwa, tsiku ndi tsiku. Akashembe ankaluma mpaka kuboola malaya. Koma chimene chinkatilamulira si njala kapena akashembe ayi. Pansi m'pamene pankatilamulira. Nkhondo inatha, koma mabomba okwirira anatsala m'nthaka momwemo, ndipo amene anawakwirira anali atamwalira kapena kuiwala. Mkulu wina wa mudzi wapafupi anatiuza tsiku loyamba kuti tiziyenda mondondozana, aliyense kuponda pamene waponda mnzake, ndipo tisalowe pa udzu umene sunapondedwe. Kapitawo anamudula mawu.

"Madala akukuopsezani. Kuno asilikali anayeretsa kale."

Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti pamzere uja kapitawo ankayenda kumbuyo kwenikweni, nthawi zonse.

Ntchito yake inali iyi. Mumakumba dzenje, n'kugubuduzira chipika pamwamba pake. Twaibu ankanyika chingwe m'madzi a makala, kuchikoka n'kuchimenyetsa pachipika kuti mzere utuluke. Kenako iye ankaima pamwamba, ine m'dzenje, sowo pakati pathu. Iye kukweza, ine kukoka, utuchi wonse kumaso kwanga. Pocheka simuyankhulana, sowo ndi imene imanena zonse. Ndikatopa ankadziwa. Ndikapsa mtima ankadziwanso.

"Wakwiya ndi ndani lero?" ankafunsa ali pamwambapo. "Sowo ikukhota."

Masana alionse ankanola sowo ija ndi tupa, dzino limodzilimodzi, osafulumira. Tupa linali limodzi lokha, ndipo ankalikulunga m'kansanza kamafuta n'kulisunga m'thumba la pachifuwa. Nthawi ya swala ikakwana ankayala thabwa panjira yopondedwa n'kupemphera pomwepo. Ine ndinkagona chagada m'dzenje. Sanandikakamizepo. Kawiri konse anatumiza chitenje cha kapulana kwa Asiyatu kudzera kwa mwini boti, ndipo ine ndinatumiza ndowa yachitsulo kwa amayi. Tinali anthu tsopano.

Tsiku lija kunatentha kuyambira m'mawa. Kapitawo anati lole ikubwera mawa lake ndipo matabwa sanakwane, choncho ankazungulira maenje onse akutokota. Ine ndinakoka mwaukali, thabwa limodzi n'kuwonongeka. Twaibu anatsika, kutulutsa tupa n'kundipatsa.

"Lero unola ndiwe. Mwina mtima ukhala pansi."

Ndinanola mano atatu, lachinayi linandicheka chala. Anzathu a dzenje lina anaseka.

"Taonani wa Fomu 2 akulemba mayeso."

Ndinaponya tupa lija. Sindinagende munthu. Ndinangoliponya, n'kukagwera pa udzu kuseri kwa dzenje, mtunda woti ungalavulirepo malovu. Twaibu sanandikalipire. Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Nanga lina tilipeza kuti kuno, mphwanga?"

Analowa pa udzupo. Anawerama n'kulitola. Potembenuka kuti abwerere, anaponda pena.

Anthu amafunsa kuti phokoso lake linali lotani. Ine sindinamve phokoso. Ndinangomva ngati dziko landimenya pachifuwa. Zotsatira zake ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinatsikira m'dzenje, kugwira sowo n'kuyamba kukoka ndekha, ndikufunsa kuti, "Bwanji simukukweza pamwambapo?" Akuti anthu atatu ndi amene anandimasula zala. Sindinalire. Masiku atatu otsatira ndimawakumbukira mwa zidutswa, ngati zinthu zimene ukuziona uli pansi pa madzi. Munthu akandiyankhula ndinkaona milomo ikuyenda basi.

Koma maliro ndimawakumbukira, ndipo ndikawakumbukira magazi amandiwira mpaka lero. Anamukoka ndi mlongoti womangirira chingwe, poti palibe amene akanapondapo. Anali atatha kale. Munthu woti swala sankaphonya anaikidwa osasambitsidwa, wopanda sanda, atakulungidwa m'matumba a ufa. Mnzathu wina wa konko ananena dua, pemphero limene ankalidziwa, kapitawo akuyang'ana wotchi. Dzuwa lisanapendeke n'komwe kapitawoyo anaimika munthu wina pamwamba pa chipika changa.

"Wapita wapita," anatero. "Lole siidikira maliro. Ndipo mumve bwino, nonsenu mulibe mapepala. Wotsegula pakamwa kwa apolisi, a kuno kapena a kwathu, ayamba iyeyo kumangidwa. Kwa abale ake ndikanena ndine."

Anawoloka ndi matabwa aja patatha masiku awiri. Ine ndinatsala, koma ntchito inali itandikana. Thabwa likagwa ndinkapezeka ndili chafufumimba. Kuchoka panjira sindinkatha, ngakhale pofuna kudzithandiza. Kapitawo atabwerako anandiyang'ana kamodzi, n'kulamula kuti andikweze boti.

"Uyu wapenga. Akutidyera nyemba."

Ndinafika kwathu n'kupeza bodza litandidutsa kale. Kapitawo anauza abale ake a Twaibu kuti munthu wawo analandira malipiro n'kuthawira ku Lichinga ndi mkazi wina wa konko. Ndisanatsitse n'chikwama chomwe, Asiyatu anali atafika pakhomo, mwana kumsana.

"Alamu, bambo uja mwandisiyira kuti?"

Ndinatsegula pakamwa. Pakhosi panatsekeka ngati wina wandikanyanga. Fungo la utuchi wa mlombwa losakanikirana ndi utsi linandidzaza m'mphuno. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kusanza. Pobwerako ndinamupeza akadali chiimire.

"Ndamva," anatero. "Amuna mumabisirana."

Umu ndi mmene kukhala chete kwanga kunasandukira umboni wa kapitawo. Ndipo amene anavutika nako si ine ndekha. Popanda munthu woti anaona ndi maso, a shehe sakanachita mapemphero a womwalira. Asiyatu sakanalowa eda, masiku aja amene mkazi wamasiye amabindikira kulira mwamuna wake asanamasulidwe. Sanali mkazi wa munthu, sanalinso wamasiye. Amalume ake a Twaibu anayamba kunena kuti ndiye anathawitsa mwana wawo ndi pakamwa pake. Kumjigo akafika, nkhani inkaduka. Ine zonsezi ndinkaziona. M'mawa uliwonse ndinkadzuka nditatsimikiza kuti lero ndikanena, ndipo ndinkafika mpaka pampanda wake. Ndinkabwerera ngati galu wakuba.

Mvula inagwa, anthu analowa m'dambo kukawokera mpunga. Ndinapita ndi amayi, mbande m'manja, n'kuima m'mphepete. Madzi a matope, pansi posaoneka. Mwendo unakana.

"Chimunthu chachikulu ngati iwe kuopa matope?" anatero amayi. "Unabadwira momwemu. Lowa, dzuwa likukwera."

"Sindingathe."

"Sungathe kapena sukufuna? Ndowa imodzi ija ndiye wapuma nayo ntchito?"

Ndinataya mbande n'kubwerera kunyumba. Kuyambira pamenepo ndinakhala nkhani ya mudzi wonse. Ndinkayenda pakati pa tala, maminibasi akuliza mahutala, chifukwa m'mbali munali udzu. Tulo tinkabwera mwa apo ndi apo. Mwana akaphulitsa pepala la shuga ndinkafuna kumupotokola khosi. Tsiku limene kunja kwayera, mapiri a kutsidya n'kuonekera, ndinkakhala kuseri kwa nyumba nditawafulatira. Amalume anga anandipisa m'matumba kufuna chamba. Atachisowa anandikokera kwa sing'anga, amene anandiyang'ana pang'ono chabe n'kunena kuti mnzanga uja ndinamupereka kuti ndikhwime, ndiye mankhwala anditembenukira. Ananditema mphini pachifuwa ndi pamsana. Kukhwima kwake kuti, munthu wopanda ngakhale nsapato? Koma mawu aja anayenda, ndipo ana anayamba kundithawa.

M'chikwama changa munali chinthu chimene sindinkachikhudza. Anzathu kumsasa anapeza tupa lija m'dzanja la Twaibu, n'kulikulunga m'kansanza kake kaja, n'kundiikira. Ndinakankhira chikwamacho pansi pa bedi.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu ndinapita chifukwa cha malungo. Tili pamzere, wina anagwetsa beseni lachitsulo pasimenti. Ndinazindikira ndili pansi pa benchi, manja kumutu, anthu akuseka. Adokotala, bambo wina wa imvi wosayankhulayankhula, anatuluka n'kundiitana nthawi yanga isanakwane n'komwe. Chitseko anatseka pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti achitira dala.

"Zimenezi zinayamba liti?"

Ndinayang'ana kuchitseko, iwo n'kufunsanso.

"Munali kutsidya?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Pa udzu mumaponda?"

Ndinawayang'ana. Miyezi yonse ija, munthu woyamba kufunsa funso lolondola.

Anandiuza kuti anagwirapo ntchito m'misasa ya othawa nkhondo kumalire, ndipo anaona anthu ambiri otere, amayi, ana ndi asilikali omwe. "Si misala, si chamba, ndipo palibe wakulodzani," anatero. "Munthu akaona choopsa choposa mphamvu zake, maganizo ndi thupi zimadzidzimuka. Ena amangoti kakasi, ena amachita zinthu osazidziwa. Kwa ambiri zimatha pa masiku ochepa. Kwa ena zimakakamira, makamaka akabwerera kwawo n'kulephera kukhazikika, wowamvetsa palibe. Ndi matenda, ali m'mabuku athu, ndipo anthu amapeza bwino."

Mukuganiza kuti ndinasangalala? Ndinapsa mtima. Chinthu choti chili m'mabuku, chili ndi dzina, mtunda wa ola limodzi kuchokera pakhomo pathu, ine n'kumatemedwa ndi malezala ngati mbuzi.

"Ndiye ndibayeni jakisoni wake," ndinatero.

"Kulibe. Pali china chimene mukulephera kunena?"

"Chilipo."

"Sukulu munafika pati?"

"Fomu 2."

"Pakamwa pakakana, dzanja lilipo. Gulani kope. Muzilemba pang'onopang'ono, mukatopa muzisiya. Lachitatu lililonse muzibwera nalo."

Sabata yoyamba ndinalemba dzina lokha, Twaibu, n'kutuluka thukuta ngati ndalima ndime. Yachiwiri ndinalemba za boti. Adokotala ankandiuza kuti ndiziwerenga mokweza, ndipo pakhosi pakatsekeka ankangoti, "Pumani. Muli ku Nkhotakota, pansi apa ndi simenti." Za tupa ndinazilumpha. Ndinalemba kuti Twaibu analowa pa udzu, basi.

"Munthu wosamala chonchi anakatani pa udzupo?" anafunsa.

Ndinatenga masabata awiri osapitako. Kenako ndinalemba, n'kukawaponyera kope patebulo. Anawerenga n'kundibwezera.

"Tupa munaponya ndinu, zimenezo sindikutsutsani. Bomba anakwirira ndani? Anati kunayeretsedwa ndani?"

Sindinavomere zonse. Mpaka lero sindivomera zonse. Koma ndinatha kuwerenga tsamba limenelo mpaka kumapeto.

Nthawi inandithera amayi atabwera ndi nkhani yoti akuchimuna agamula. Asiyatu abwerere kwawo ku Bua sabata yomweyo, mwana atsale. Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti, ndinapita kwa a shehe n'kuwauza kuti ndili ndi mawu. Tinakhala pakhonde la Twaibu: a shehe, amalume ake aja, Asiyatu chapatali pamkeka, ndi amayi anga amene anabwera kudzaona ngati ndichititse manyazi banja.

Ndinatsegula kope.

"Tikumva za wachamba tsopano?" anatero amalume aja.

"Musiyeni awerenge," anatero a shehe.

Ndinawerenga za boti, za msasa, za kapitawo woyenda kumbuyo. Nditafika pa chala chochekeka, ndinaima. Fungo lija linabwera. Ndinayang'ana pansi, dothi lopondedwa la pakhonde, n'kulipondereza ndi phazi.

"Mpatseni madzi," anatero a shehe. "Sitikuthamangira kwina."

Ndinamwa, n'kupitiriza. Ndinawerenga kuti ndinaponya tupa. Ndinawerenga mawu ake omaliza. Ndinawerenga za mlongoti, za matumba a ufa, za wotchi. Nditamaliza ndinatulutsa kansanza kaja n'kukaika pamkeka.

A shehe ananena mawu amene timanena munthu akamwalira. Amalume aja anaimirira.

"Ndiye kuti unamupha ndiwe."

Asiyatu sanawayang'ane. Anafunyulula kansanzako, n'kukatembenuza uku ndi uku.

"Aka ndinang'amba ndine ku chitenje changa," anatero. Kenako anadzutsa mutu. "Amalume, mwamva? Sanathawe. Pakamwa panga sipanathawitse munthu. Miyezi yonseyi mwandidya ndili moyo, mawu a munthu wa ku Dwangwa mukuwatenga ngati a m'Buku. Mwana wanu simunkamudziwa?"

Amalume anakhala pansi.

Asiyatu anatembenukira kwa ine. Maso ake anali ouma.

"Za tupa, alamu, ndikumudziwa bamboyu. Mukanamugwira mwendo akanapitabe. Koma miyezi isanu ndi iwiri mukudutsa pampanda panga."

"Ndinkalephera, alamu."

"Ndamva kuti munkalephera. Lero musandipemphe kanthu."

Sindinapemphe. Anavula ndolo, kunyamula mwana wake ndi tupa lija, n'kulowa m'nyumba ya mwamuna wake. Eda anayamba tsiku lomwelo, ndipo palibe amene anatchulanso za Bua. Mawa lake amuna anaima pamzere kumupempherera Twaibu, thupi lake lili kutsidya m'matumba a ufa. Ndinaima nawo kumapeto.

Kapitawo uja alipo. Anamanga golosale, amavala malaya a chipani, ndipo pamsonkhano amakhala pampando wa kutsogolo. Nditapita kukanena kupolisi, apolisiwo anandifunsa mapepala amene ndinawolokera. Anyamata ena anapitabe naye chaka chotsatira, ine nditawauza zonse. Anati wachamba uja wayambanso.

Sindinganame kuti ndinachira tsiku limenelo. Kope ndinapitiriza, Lachitatu ndinkapitabe, ndipo beseni likagwa mpaka pano mtima umathawa. Amayi sanapepese, si anthu opepesa. Koma mvula yotsatira itagwa, tinafika m'mphepete mwa dambo, ine n'kuimanso chimodzimodzi, mbande m'manja. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakwinya chitenje, kulowa m'matope, n'kuyenda pang'onopang'ono, mapazi motalikirana ngati a mwamuna.

"Ponda mmene ndapondamo," anatero osacheuka. "Ndipo ufulumire, madzi akufufuta."